Tsitsi la Nanise

Ndinadziwa kuti m'nyumba mwachoka chinthu nditangogona pabedi. Ndinali nditaweruka ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, miyendo itatupa, msana ukuwawa chifukwa chonyamula makolo a eni ake kuyambira m'mamawa. Ndinadzigwetsa pabedi dzuwa likadali pamutu, ndipo bedilo linali litatsika mbali imodzi. Ife a ku Tonga mikeka yomanga m'chiuno timasunga pansi pa matiresi, ndiye msana wanga umaidziwa yonse. Ndinadzuka n'kutukula matiresi. Ya ukwati inalipo, ya kutchalitchi inalipo. Unasowa unali waukulu uja, wong'ambikang'ambika, umene ndinavala pa maliro a bambo anga.

Ndisanapeze womukalipira, chitseko chinatseguka, Heilala n'kulowa. Mwana wanga ameneyu ntchito yake ndi yoveka anthu otchuka. Amawasankhira zovala akamakajambulitsa, ndipo pano pa Granville amatuluka atatchena ngati ukwati ndi wake. Tsiku limenelo analowa milomo ili mbuu, atanyamula bokosi la buluu loziziritsira zakumwa. Bokosi lomwelo linagona m'khitchini mwanga dzulo lake, ine ndikulidumpha popita kusinki.

"Mkeka wanga uli kuti?"

"Uli m'galimoto, amayi, ndibweza. Tamverani kaye."

Anaika bokosi patebulo n'kulitsegula. Munalibe kanthu.

Nkhani yake inali iyi. Dzulo lake anali kujambula zithunzi za pachikuto cha chimbale chatsopano cha Nanise, mtsikana wa kwathu amene nyimbo zake zimamveka m'sitolo iliyonse mu Sydney muno. Wojambulayo, mzungu wina dzina lake Darcy, safuna makamera a masiku ano. Amajambula pa filimu ngati kale. Timipukutu ta filimu timaopa kutentha, ndiye amatisunga m'bokosi la zakumwa. Ataweruka anapatsa Heilala bokosilo kuti m'mawa akalisiye kotsukitsa zithunzi. Anakalitsegula pamaso pa otsukawo, ndipo anapeza zimene ndinali kuona inezi.

"A kampani ya chimbalecho akuti ndagulitsa kwa olemba miseche. Akuti filimu ipezeke, apo ayi apita kupolisi. Ngakhale asapite, amayi, ndani adzandipatsenso chovala choti ndisunge? Ntchito imeneyi ndi dzina basi."

"Unagulitsa?"

"Amayi."

"Ndikufunsa poti mkeka wanga sunapemphe."

Anayang'ana pansi. "Nanise ndiye anaufuna. Anati wa maliro, wong'ambika kwambiri. Anauvala mpaka m'khwapa, anakhala pansi, n'kudzimeta tsitsi lonse kamera ikujambula. N'chifukwa chake sitingabwereze. Tsitsi lija linkafika m'chiuno."

Ndinakoka mpando n'kukhala. Mkeka wotero ndi kumeta kotero ndi za mwana amene bambo ake amwalira. A Fineasi, bambo a Nanise, ndinali nditawaona Lamlungu kutchalitchi akuimba besi.

"Unkadziwa tanthauzo lake?"

"Pang'ono. Koma ndi luso, amayi."

"Luso," ndinatero. "Ndipatse nsapato zanga zija ndavula."

* * *

Situdiyo imene anajambulira ili ku Marrickville, m'nyumba imene kale inali fakitale. Ndinapita ndi yunifolomu ya kuntchito, sindinaone chosinthira. Heilala ndinamusiya m'galimoto kuti anthu asalankhule momuyang'ana.

Darcy ndinamupeza atakhala pa makwerero, akuluma zikhadabo. Ndi mkazi wamtali, woonda, wolankhula ngati wina akumuthamangitsa.

"Mayi, pepani, ine Heilala ndimamukonda, ndimamukonda zedi, koma mvetsani, dzuwa linalowa pawindo lija ndendende pamene sizasi imagwira tsitsi, zimenezo sizichitika kawiri, ndajambula anthu ambiri ine koma chija..."

"Filimu yomaliza munaiika liti m'bokosi?"

"Atangomaliza kumeta. Ndinatseka ndekha. Kenako tonse tinakwera padenga kukajambula kavidiyo dzuwa lisanapite."

"Nonse?"

"Kupatula Heilala. Anatsala m'kachipinda ka zovala, amasita zobweza kwa eni ake."

"Mutatsika munatsegulanso bokosilo?"

"Ayi. Kutsegulatsegula kumalowetsa kutentha."

"Ndiye simukudziwa ngati munamupatsa lodzaza kapena lopanda kanthu."

Anachotsa chala mkamwa. "Koma akanatenga ndani? Panalibe mlendo. Mafoni onse tinatsekera m'kabati kuti nkhani yometayi isatuluke. Pakhomo lakutsogolo pali kamera, abwana a kampani aonera zonse, palibe amene analowa."

"Nanga lakumbuyo?"

"Kumeneko sikulowa anthu. Ndi kotulutsira zinyalala ndi kolowera chakudya."

"Chakudyacho chimayenda chokha?"

Anayamba kuseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka. Anati anadya zakwathu, nyama ya nkhosa yokulunga m'masamba, yokoma moti anawonjezera. Amene anabweretsa sanamuone. Amene anadzatenga mbale sanamuonenso. Anangoona kuti tebulo layera.

* * *

Pakona panali mtsikana akutsuka timaburashi take. Ameneyu ndi Roshni, Mmwenye wa ku Fiji, amene amaphoda oimba kumaso. Ndinkamudziwa, amabwera kwathu kudzadya ndi Heilala.

"Anti, mwalowa pakati pa anthu a fashoni ndi nsapato za kuchipatala? Ndinu olimba mtima. Khalani apa ndikubisireni matumba ali m'masowa."

"Asiye, ndinawavutikira. Dzulo unali pati pamene Nanise amadzimeta?"

"Pafupi pomwepo, kuseri kwa nyale. Anti, munaphonya. Darcy akungoti dzuwa, dzuwa. Dzuwa linaliritsapo ndani? Misozi ija ndinaika ndine. Ndili ndi kabotolo kanga, dontho apa, dontho apa, sikauma ngakhale magetsi atenthe bwanji. Ukaona umati mtima wasweka."

"Tsitsilo linapita kuti?"

Ndinangofunsa poti kwathu tsitsi la munthu silisiyidwa pansi. Koma Roshni anasiya kutsuka. Anayang'ana kumene kunali Darcy, n'kutsitsa mawu.

"Ndinalitola lonse, ndinaika m'thumba la pepala patebulo langa apa. Nanise amafuna lijambulidwe palokha, chikhale chithunzi cha mkati mwa chimbale. Titatsika padenga, thumba palibe."

"Unauza ndani?"

"Ndiuze ndani, Anti? Kuti ndataya tsitsi la Nanise? Ndinkati mwina wina wataya, ndinavundukula bini yonse ndi zikhadabo zangazi, mukuziona mmene zilili. Lero kutamveka za filimu ndinangoti bola aiwale za tsitsi."

"Pamene umasaka thumba, bokosi la filimu linali kuti?"

"Pakona apo. Heilala anali asanalikhudze."

Ndinatuluka osatsanzika. Wogulitsa zithunzi kwa olemba miseche alibe ntchito ndi tsitsi. Mwana wanga, ngakhale anabadwira kuno, sangagwire tsitsi la pamutu pa mwana wa eni ake n'kupita nalo. Amene anatenga thumba lija anali munthu wa kwathu, ndipo anaona kuti tsitsilo ndi lake.

Ndinalowa m'galimoto. "Chakudya cha dzulo unaitanitsa kwa ndani?"

"Kumene mumaitanitsa inu. Kwa a Seluvaia."

"Sunadziwe kuti ndi azakhali ake a Nanise?"

"Amayi, kutchalitchi kuja aliyense ndi azakhali a wina. Ndinangotchula dzina la kampani ndi malo, za Nanise sindinanene."

"Liza galimoto."

* * *

Zimene zinachitika pakati pa Nanise ndi bambo ake aliyense wa mpingo wathu amazidziwa. Mwanayo anakulira m'kwaya. Atayamba kuimba m'mabala atavala zoonetsa ntchafu, a Fineasi, amene ndi mlaliki, anaimirira pa chakudya cha mpingo n'kunena kuti iwo mwana wamkazi alibe. Ine ndinalipo, ndinali kugawa chinangwa. Nanise anaika mbale pansi, anatuluka, ndipo sanapondenso pakhomo pawo. Mayi ake anali atamwalira kale. Kuyambira pamenepo mkuluyo amakhala kwa mlongo wawo, a Seluvaia, n'kumawayendetsera galimoto yoperekera zakudya.

A Seluvaia amaphikira kuseri kwa nyumba yawo, misewu ingapo kuchokera kwanga. Ndinawapeza atakhala pampando wawo waukulu, akulamula atsikana okulunga nyama. Mayi ameneyu sanaimirirepo chifukwa cha munthu. Kwathu mlongo wa bambo ndiye mfumu ya ana a mlongo wake, ndipo a Seluvaia ufumu umenewo amauwonjezera mpaka kwa ana a anthu ena.

"Kalolaine. Wabwera manja lende, ndiye kuti si kucheza."

"Dzulo munapereka chakudya ku Marrickville."

"Timapereka kulikonse. Chakudya changa chadyedwa ndi nduna."

"Anakatenga mbale ndani?"

"Sindilondola mbale. Ndili ndi anthu."

"A Fineasi?"

"Fineasi anali nane kuno masana onse. Timaphunzira nyimbo za Lamlungu. Afunse atsikanawa."

Atsikanawo anaweramira masamba awo.

"Kumeneko kwasowa filimu ya zithunzi," ndinatero. "Akuti watenga ndi Heilala. Akufuna kumutengera kupolisi."

"Mwana wako akanaphunzira unamwino bwenzi zilibe izi. Ntchito yanji yovula ndi kuveka anthu akuluakulu?"

"Ntchito yangayo ndi yomweyo, a Seluvaia, kungoti anga sajambulitsa."

Sanaseke. Anatenga tsamba n'kuyamba kudzikupiza. "Ngati zasowa, zasowa bwino. Zithunzi za mwano. Bambo ali moyo, akupuma, iwe n'kumanga mkeka wa maliro? Ndiye n'kugwira sizasi wekha? Mutu umenewo wometa ndine. Tsiku lake likadzafika, ndine, osati iyeyo pamaso pa azungu."

Ndinadikira amalize kupuma.

"Ine za mkeka sindinanene," ndinatero. "Za kumetanso sindinanene. Mafoni anatsekeredwa, nkhaniyi sinatuluke. Ngati a Fineasi anali nanu kuno, wakuuzani ndani?"

Tsamba lija linaima m'malere. Anayang'ana atsikana aja, ndipo onse anakumbukira kuti ali ndi zochita m'nyumba.

"Kalolaine," anatero, ndipo mawu anali atachepa, "munthu uja sakupeza bwino. Sanauze mpingo. Musiye."

"Ali kuti?"

Anangoyang'ana kugalaja. Chitseko chake chinali chokwezedwa theka.

* * *

Choyamba kuona chinali filimu. Anali ataimasula yonse, mpukutu uliwonse, n'kuipachika pa waya ndi zopanira zovala, pafupi ndi windo kuti kuwala kudutse bwino. Inali kulendewera yotuwa, yopindikapindika, yopanda chilichonse.

A Fineasi anali atakhala pa kampando, thumba la pepala lili pamapazi. Pantchafu anali atayala nsalu yoyera, akuluka tsitsi lakuda, lalitali, kupanga kafa, chingwe chomangira mkeka m'chiuno. Anali atafika patali ndithu. Ntchito yanga ndi yoona anthu akamanyamuka padziko pano, ndiye sindinafunikire dokotala. Maso anali achikasu. Kolala ya malaya inali itawakulira. Kutchalitchi jekete limabisa zambiri.

"Mayi Kalolaine. Lowani. Pepani, mpando ndi womwewu."

"Khalani, a Fineasi."

"Ndinadziwa kuti wina abwera. Ndinkayesa abwera apolisi." Zala sizinasiye kuluka. "Ndinapita kukatenga mbale, monga mwa nthawi zonse. Ndinalowera kumbuyo. Ndinaona magetsi, ndinaona munthu atakhala pansi, atavala mkeka wa maliro. Ndinati, ameneyu ndi wa kwathu, wafedwa ndani? Kenako anakweza dzanja kugwira tsitsi. Dzanja limenelo ndi la mayi ake."

"Anakuonani?"

"Ayi. Kumene ndinaima kunali mdima. Ndinaonerera mpaka linatha lonse. Ndinaona mzungu uja akuika timipukutu m'bokosi. Ndinabwerera m'galimoto, ndinakhala. Nditamva akukwera pamwamba ndinalowanso."

"Mumafuna zithunzi zisatuluke."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Zimenezo ndi za Seluvaia. Ine ndi amene ndinayamba kumuika m'manda mwanayo, pamaso pa mpingo. Iye wangobweza. Sindikudandaula zimenezo." Analoza waya ndi chibwano. "Kale tikatsukitsa zithunzi ankatipatsa timapepala takuda m'envulopu. Ukayang'anitsa padzuwa anthu amaoneka, mano akuda, tsitsi loyera. Ndayang'ana tonse, kangapo. Mwana wanga mulibe. Kaya zimafuna kudikira?"

Heilala anali atanditsatira, anaima pakhomo. Ndinamva akukoka mpweya.

"Bambo," anatero mofatsa, "filimu yosatsuka ikaona kuwala imafa. Zithunzi zinalimo. Panopa mulibe, ndipo sizibweranso."

Zala zija zinaima. Anayang'ana waya nthawi yaitali.

"Ndiye ndazipha ndine."



"Ndimati ndiona kenako ndibweza," anatero. "Pamene ndinaima ndinkangoona msana. Mzungu uja ndiye anali kutsogolo. Ine ndimangofuna kuona nkhope. Kuti pometapo amalira kapena ayi." Anatembenukira kwa Heilala. "Iwe unalipo, mwanawe. Amalira?"

Heilala anatsegula pakamwa. Ndinakumbukira kabotolo ka Roshni, dontho apa, dontho apa. Ndinamuponda phazi.

"Anali kuseri ndi zovala," ndinatero. "Sanaone. Inenso sindinaliko."

"Chabwino," anatero a Fineasi. "Zikomo."

Ndimabwerera pamenepo kawirikawiri ndikamasambitsa okalamba anga. Ndinaopa kuwapatsa misozi ya m'botolo. Ndinaona ngati ndi kuwanyoza. Koma tsiku lililonse kuntchito ndimauza agogo ena kuti mwana wawo wa ku Perth anaimba foni ali mtulo, ndipo amadya bwino tsiku limenelo. Mawu akuti inde ndi aafupi. Sindikudziwa chimene ndinawaumirira.

Panthawiyo ndinali kuganiza za mwana wanga basi.

"A Fineasi, Heilala akumutcha wakuba. Bokosi lopanda kanthu linagona m'nyumba mwanga."

Anadzidzimuka. Zimenezo sanazidziwe, a Seluvaia sanawauze kuti pali wina angapsere. "Ayi, zimenezo si zoona. Ndikanena." Anayang'ana chingwe chili pantchafu. "Mungandilole ndimalize ichi kaye? Manjawa masiku ena sagwira."

"Mudzamaliza pobwera. Ofesi yawo itseka."

Sanatsutse. Anapinda nsalu ija bwinobwino, tsitsi lili mkati. Analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala jekete ndi mkeka wa kutchalitchi, ngati akupita kukalalikira. Filimu yakufa ija anaiika m'thumba la m'sitolo. A Seluvaia anali ataimirira pakhonde. Kanali koyamba kuwaona ataimirira chifukwa cha ine, ndipo sanandilankhule.

* * *

Ku ofesi ya kampani anatikhazika m'chipinda cha magalasi. Bwanayo anali mnyamata wa ndevu zosamalidwa, wovala nsapato zopanda sokosi. A Fineasi anakana mpando. Ananena zonse ataimirira, manja kumbuyo, kuyambira pa mbale mpaka pa waya, ndipo anamaliza ndi kupepesa kwa Heilala pomutchula dzina lonse. Darcy anaitanidwa. Anasuzumira m'thumba muja, anakhala pansi pomwepo, n'kuphimba nkhope.

Bwanayo anatuluka kukaimbira Nanise. Tinkamuona kudzera pagalasi akuyendayenda. Sanachedwe.

"Akuti tisapite kupolisi. Akuti nkhani ithere pano."

"Wanenanso chiyani?" anafunsa a Fineasi.

"Basi, bambo."

"Sanafunse kuti ndili pano?"

Mnyamatayo anayang'ana ine, ngati ine ndingamuthandize. "Anali pakati pa ntchito," anatero.

Pobwerera a Fineasi anakhala kutsogolo, manja pamaondo. Pa Parramatta Road magalimoto anali atathithikana ngati masiku onse. Potsika anathokoza Heilala chifukwa choyendetsa bwino.

Dzina la mwana wanga linayera. A kampani anatumiza maluwa aakulu moti ndinasowa poika, ndinawapititsa kuntchito. Mafoni anayambanso kulira, ndipo sabata yotsatira Heilala anali kale akuveka wina wosewera mpira. Ndicho ndinkafuna, ndipo atati zichitikenso ndingapitenso kugalaja kuja. Mkeka wanga ndinaubweza pansi pa matiresi, bedi linakhalanso bwino, koma tulo sitinabwerere msanga.

Chimbale chinatuluka ndi chithunzi china: Nanise atavala jekete lakuda, mutu uli mbee. Anthu anachikonda. Iye anapitiriza kumeta mpala sabata iliyonse, poti tsopano ndi mmene dziko linkamudziwira, ndipo atsikana a pa siteshoni anayamba kutengera. Chithunzicho chinali pa mabasi. A Fineasi ayenera kuti ankachiona akamapereka zakudya, mpaka pamene anasiya kuyendetsa. Nkhopeyo pa basi sinkalira, sinkaseka. Inkangoyang'ana.

A Fineasi anamwalira nyengo yozizira isanathe.

Maliro ali mkati, masana ena ndinamva kugogoda. Ndinatsegula, n'kupeza Nanise yekha, wopanda omulondera, atavala zakuda. Pafupi anali wamng'ono kuposa pa basi.

"Mayi Kalolaine, ndabwera kudzapempha mkeka uja. Ulendo uno ndikupempha kwa eni ake."

Ndinatukula matiresi n'kumupatsa. Anaukumbatira pachifuwa, koma sanachoke.

"Heilala akuti munalankhula nawo. M'galaja."

"Ndinalankhula nawo."

"Anakwiya?"

"Ayi. Amafuna kukuona nkhope."

Anagwedeza mutu ngati wamva, n'kupita.

Chingwe chija a Fineasi anali atachimaliza. A Seluvaia anachipeza pansi pa pilo, ndipo ndi chimene anamangira Nanise mkeka wanga m'chiuno, tsitsi lake lomwe. Tsiku lometa ana a malemu litafika, anayala mkeka pabwalo la kuseri, pomwe amaphikira paja. Nanise anakhala pansi atawerama. A Seluvaia anabwera kumbuyo kwake ndi sizasi, monga ananenera kuti tsikulo likadzafika adzameta ndi iwo. Anaima. Pamutupo panalibe chogwira. Anayesa ndi zala, uku ndi uku, sizasi ili yasa. Kenako anaipereka kwa mtsikana wina, n'kuika dzanja lawo pa mpalapo, n'kulisiya pomwepo.

Malo anga pa maliro amenewo anali kukhitchini. Kuchokera kumeneko ndinkangoona msana wa Nanise. Ndinasiya makapu, ndinazungulira kuseri kwa azimayi, ndinadutsa pamene sindimayenera kudutsa, mpaka ndinafika kutsogolo.

Amalira. Osati madontho awiri okongola. Nkhope inali itatupa, mamina akutuluka, pakamwa patapindika moti palibe akanaika pa chikuto cha chilichonse. Roshni kunalibe.

Ndinaima pamenepo yankho la funso la a Fineasi lili mkamwa. Kenako wina anaitana kuti madzi a tiyi awira, ndipo ndinabwerera kukhitchini.